Mzinda wa Durban Unapeza Magetsi Kumtaya

Kumadzulo kwa mzinda wa Durban m'dziko la South Africa kuli mtaya wa zinyalala wotchedwa Mariannhill. M'chaka cha 2006, khonsolo ya eThekwini, yomwe imayendetsa mzindawu, inayamba kupanga magetsi pamalowa pogwiritsa ntchito mpweya wotuluka m'zinyalala zowola. Ntchito yamtunduwu inali yoyamba mu Africa.

Kodi zinyalala zimabala bwanji magetsi? Zotsala za chakudya, masamba ndi mapepala zikakwiriridwa pamalo osalowa mphepo, tizilombo tosaoneka ndi maso timaziwoletsa. Pakuwolapo pamatuluka mpweya umene pafupifupi theka lake ndi methane, mpweya woyaka moto. Akatswiri amakumba zitsime m'mulu wa zinyalalazo, kuikamo mapaipi oboolaboola ndi kukokera mpweyawo ku injini zimene zimazunguza majenereta.

Ku Mariannhill anaika injini ya megawati 1. Ku mtaya waukulu wa Bisasar Road magetsi anayamba kupangidwa m'chaka cha 2008, ndipo mphamvu yake inakafika pa megawati 6.5. Phindu lina ndi la nyengo: methane akangouluka, amatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi ka 28 kuposa mpweya wa carbon dioxide pa zaka 100. Kumuwotcha mu injini kumachepetsa vutoli. N'chifukwa chake ntchitoyi inalandiridwa m'ndondomeko ya pangano la Kyoto, momwe mayiko olemera ankalipira ntchito zochepetsa mpweya woipa m'mayiko osauka. Mitengo ya malondawo inagwa kwambiri cha m'ma 2012, ndipo izi zinasonyeza kuti kudalira ndalama zakunja zokha n'kuika moyo wa ntchito pachiswe.

Komatu walira mvula walira matope. Mtaya wa Bisasar Road unatsegulidwa m'chaka cha 1980, nthawi ya ulamuliro wa tsankho, pakati pa nyumba za anthu a ku Clare Estate omwe sanali azungu. Mayi Sajida Khan, omwe ankakhala moyang'anizana ndi malowa, analimbana ndi ntchito ya magetsiyo poopa kuti italikitsa moyo wa mtaya umene anthu ankafuna utatsekedwa. Iwo anamwalira ndi matenda a khansa m'chaka cha 2007. Mbali inayi, anthu ambiri okhala m'zisakasa za Kennedy Road ankapeza chakudya potola ndi kugulitsa zinthu za pamtaya pomwepo. Kwa iwo, kutseka malowa kunali kutseka khomo la ndalama. Izi zikuphunzitsa alangizi a chitukuko kuti anthu oyandikana ndi mtaya ayenera kufunsidwa maganizo mapaipi asanakwiriridwe.

Magetsi otere satheka pamtaya uliwonse. Pansi pake payenera kuyalidwa dongo ndi pulasitiki yolimba kuti madzi oipa asalowe m'zitsime, ndipo zinyalala ziyenera kutsinderedwa ndi kukwiriridwa ndi dothi tsiku ndi tsiku. Kumene zinyalala zimangounjikidwa, mpweya umauluka, moto umabuka kawirikawiri ndipo miyoyo imatayika. Mu February 2018, mulu wa zinyalala wa Hulene mumzinda wa Maputo unagumuka mvula itagwa yambiri, n'kupha anthu oposa 15.

Makhonsolo amene alibe ndalama za injini ali ndi poyambira potchipa: kusankhula zinyalala pakhomo ndi pamsika. Zowola zikapatulidwa, zimasanduka manyowa a kompositi amene amabwezeretsa chonde m'minda ndi m'madimba, ndipo mlimi amachepetsa feteleza wogula. Mabotolo, zitini ndi mapulasitiki zimapita kwa otola zinyalala, omwe amapeza mtengo wabwinoko akamagulitsa pagulu. Alimi a ziweto athanso kupanga mpweya womwewu wa methane kuchokera ku ndowe, m'thanki yotsekedwa bwino, n'kumaphikira m'malo mwa nkhuni ndi makala.