Injini ya Boti Ikayamba Kutentha

Asodzi anzanga a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, mau a mwezi uno ndi anu. Ambiri a inu munasiya nkhafi ndi kugula injini zomangirira kumbuyo kwa boti, monga za Yamaha, ndipo mumapita nazo kutali usiku kukakoka chilimira. Injini yotere imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja momwemo. Madziwo akaleka kuyenda m'kati mwake, pisitoni imatupa ndi kukakamira, boti n'kuima pakati pa nyanja, usipa uli m'kati, mwera ukuomba. Chifukwa chake ndifuna kukuuzani kafufuzidwe ka chovutachi, kuyambira kunja kwa injini kufikira m'kati mwake.

Mboni yoyamba ndi kabowo kali m'munsi mwa chivundikiro, kamene kamatulutsa madzi injini ikamalira. Mwini boti azikayang'ana polizitsa injini ndiponso kawirikawiri pa ulendo. Madzi ake akachepa, akasanduka nthunzi, kapena mukamva fungo la penti wopserera, zimitsani injini pomwepo. Musathire madzi ozizira pa mutu wa injini, pakuti chitsulo chotentha chimang'aluka. Idikireni izizire yokha.

Tsono kwezani mwendo wa injini. Pamwamba pang'ono pa propela pali timabowo tolowera madzi. Nthawi zambiri mlandu umathera pamenepa: jumbo imodzi yomatirira, udzu, kapena namasupuni amene amavuta mu Shire ndi ku Malombe, zimakwanira kutseka njira yonse. Nako kabowo kotulutsa madzi kamatsekeka ndi mchenga, ngakhale injini ili bwino. Pisanimo kachingwe kolimba ka nayiloni musanaganize zomasula kanthu. Onaninso kakhalidwe ka boti. Katundu akachuluka kutsogolo, kumbuyo kumatukuka, ndipo pa mafunde timabowo tija timamwa mpweya m'malo mwa madzi. Injini yomangidwa pamwamba kwambiri imachita chimodzimodzi.

Ngati zonsezi zili bwino koma madzi sakutuluka, chovuta ndi impela. Kameneka ndi kagudumu ka mphira kokhala ndi mapiko, kali m'mwendo wa injini, ndipo nchito yake ndi kukankhira madzi kumtunda. Madzi omwewo ndiwo amakafewetsa pozungulira. Anyamata ena amakonda kulizitsa injini pamtunda kuti amve ngati ikudzuka bwino. Mwambo umenewu ndi woipa ndithu, chifukwa mphindi imodzi isanathe mphira wapsa kale. Mchenga nawo umadya mapiko ake, makamaka kwa iwo amene amakocheza pa gombe injini ikulira. M'nyanja yathu mulibe mchere wotseka njira za madzi monga ku Beira, kotero mdani wathu wamkulu ndi mchengawu. Sinthani impela chaka ndi chaka, ingakhale ikuoneka yabwino. Ndipo mukapeza kuti phiko lina lathyoka, lifuneni mpaka mulipeze, pakuti chidutswacho chimakwera ndi madzi n'kukatseka njira kumtunda. Impela yatsopano siingathandize chidutswa chakale chikadali m'kati.

Pali nthawi zina pamene madzi amatuluka bwino, koma mutu wa injini n'kutentha kosati n'kuukhudza. Apa ganizirani za thermostat, kachitseko kamene kamatsegukira madzi injini ikafunda. Kayesedwe kake ndi kapafupi: kaikeni m'poto wa madzi pa moto, ndipo kayenera kutseguka madzi asanawire. Kakapanda kutseguka, gulani kena. Amakaniko ena amangokachotsa ndi kukataya. Ine sindivomereza zimenezi, chifukwa injini yozizira kwambiri imadzaza mwaye ndi kumwa petulo wambiri.

Musaiwale oyilo. Injini zosakaniza petulo ndi oyilo zimadalira oyilo ameneyo kuti zitsulo zisakhulane. Muyeso wa zambiri ndi 50 pa 1, ndiko kuti malita 20 a petulo afuna mamililita 400 a oyilo, koma werengani buku la injini yanu. Kuchepetsa oyilo pofuna kusunga ndalama kumatenthetsa injini ngakhale madzi akuyenda bwino.

Potsiriza masulani mapulagi. Pulagi imodzi ikaoneka yoyera ngati yotsukidwa, kapena ili ndi timadontho ta madzi, ndiye kuti gasiketi ya mutu yapsa ndipo madzi akulowa mu silinda. Imeneyi si nchito ya pa gombe. Pitani nayo injini kwa makaniko wodziwa, ndipo mumuuze zonse zimene mwayesa kale, kuti asayambirenso pachiyambi ndi kukulipiritsani kawiri.