Jumbo, ngalande ndi khoti: malamulo a zachilengedwe amakhudza thanzi lanu

Mukadutsa pa mlatho wa mtsinje wa Mudi kapena mumsika wa Limbe mvula itangokata, mumaona majumbo atatseka ngalande. Madzi akaima, udzudzu umaswana, ndipo zonyansa zimasefukira komwe ana amasewera. Kumbukirani kuti mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera.

Nkhani ngati iyi sithera kuchipatala, imafikanso kukhoti. Mu 2015 boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikuroni 60. Makampani ena opanga mapulasitikiwa anakatenga chiletso kukhoti, ndipo mlandu unatenga zaka. Mu Julaye 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo ligwire ntchito, koma ziletso zina zinabweranso pambuyo pake. Nthawi yonseyi majumbo ankangochuluka m'ngalande.

Milandu yotere ndi imene amaiphunzira ophunzira malamulo, monga a ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Amayambira pa gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe limauza boma kusamalira chilengedwe kuti anthu akhale ndi kugwira ntchito pamalo abwino. Kenako amawerenga lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe la MEPA ndipo limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo.

Kusintha kwa nyengo kwawonjezera mafunso. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ndani amaloleza kumanga m'mbali mwa phiri? Osamutsidwa apatsidwe malo kuti? Mayankho ake amafuna odziwa malamulo a malo ndi a ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Inu simufunika digiri kuti muchitepo kanthu. Mukaona fakitale ikutayira madzi oipa mumtsinje, lembani tsiku ndi malo, jambulani pafoni, ndipo dziwitsani mlangizi wa zaumoyo, khonsolo ya mzinda kapena MEPA. Odzipereka pa zaumoyo, sungani kaundula wa ana otsegula m'mimba m'dera lanu, chifukwa dandaulo lokhala ndi umboni ndi lomwe limamveka.

Mwana wanu akanena kuti akufuna kudzakhala loya, muuzeni kuti Mudi nayenso akusowa womuyankhulira.