TIZIPANGIZO TIWIRI TIMENE TILAMULIRA MAGETSI M'WAILESI

M'caka ca 1949 wailesi yochedwa Saucepan Special, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready, inayamba kugulitsidwa ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland, ndipo anthu anamva Cinyanja cocokera ku Lusaka ali m'nyumba zao. Mawailesi amenewo anatha kalekale, koma tizipangizo tiwiri timene tinali m'kati mwao, resistor ndi capacitor, tikali kugwira nchito m'mawailesi, m'makanema ndi m'malamya a m'manja. Nkoyenera kuti aphunzitsi ndi anchito a Boma atidziwe bwino, pakuti kamodzi mwa ito kangathe kupha munthu.

Nchito ya resistor ndiyo kucepetsa magetsi oyenda m'waya, monga momwe mpope wopapatiza ucepetsera madzi. Mphamvu imene resistor iletsa isanduka kutentha. Cifukwa cace wailesi itentha ikalankhula nthawi yaitali. Lamulo lace analilemba m'caka ca 1827 Georg Ohm, mphunzitsi wa ku Germany, ndipo nkosabvuta kuliphunzitsa: batire la mavolt 12 likalumikizidwa ku resistor ya maohm 6, payenda maampere 2, resistor ikakhala ya maohm 12, payenda ampere 1 yokha. Kukula kwa resistor kudziwika ndi mizere ya mitundumitundu yolembedwa pa thupi lace.

Capacitor ili ndi khalidwe lina. Ndiyo timapale tiwiri ta citsulo toyang'anana, tolekanitsidwa ndi mpweya, pepala kapena cinthu cina cosalola magetsi kupyola. Ilandira magetsi niwasunga, niwabweza pamene afunika, monga nkhokwe ibweza cimanga m'nyengo ya njala. Yoyamba inali botolo la madzi, limene linayesedwa ndi Ewald von Kleist m'caka ca 1745, ndiponso ndi Pieter van Musschenbroek ku Leiden, m'dziko la Holland. M'mawailesi akale, munthu potembenuza kagudumu kofunira siteshoni anali kulowetsa timapale ta capacitor pakati pa tinzace, ndipo potero anasankha mau a siteshoni imodzi nasiya ena onse.

Tsono tiwiriti tikalumikizidwa pamodzi tiyesa nthawi. Resistor ya maohm 1,000 ikatsogolera capacitor ya mamicrofarad 1,000, capacitor idzala kufikira magawo 63 mwa magawo 100 m'sekondi imodzi. Resistor ikakula, kudzalako kucedwa.

Ngozi ili apa: nkhokwe siitha cimanga tsiku limene akolola aweruka. Capacitor yaikulu ya m'kanema kapena m'makina olumikizidwa ku magetsi a m'nyumba, amene m'Malawi ali a mavolt 230, isunga mphamvu yace ngakhale waya wazulidwa pakhoma, ndipo woikhudza ndi dzanja angathe kugwidwa koopsa. Cifukwa cace opanga makina aika resistor pambali pace kuti iikhuthule pang'onopang'ono; koma resistor imeneyo ikapsa, palibe cizindikiro ca kunja cocenjeza munthu.

Motero mphunzitsi wa sayansi aonetse ana zinthu izi ndi mabatire a tochi okha, ndipo kalaliki amene makina a mu ofesi yace aleka kugwira nchito asawatsegule yekha, koma aitane mmisiri wa magetsi, amene ayamba wayesa ndi kukhuthula capacitor asanaikepo cala.