Mmisiri Akagwa pa Mtenje, Adzalipira Ndani?

Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndi nyengo ya misomali kuno kum'mawa. Cimanga cagulitsidwa, ndalama za thonje ndi fodya zalowa m'thumba, ndipo kulikonse kumene mungapite mumamva nyundo ikulira pa malata. Aliyense akuthamangira kufolera mvula ya Novembala isanagwe: mlimi pa nyumba yake, a kopaletivu pa shedi ya feteleza, akristu pa chalichi ca kumudzi kwao. Timakangana za mtengo wa malata ndi matabwa mpaka dzuwa kulowa. Koma pali funso limodzi limene ambiri a ife sitifunsa: munthu amene wakwera pamwambayo akagwa, adzalipira ndani?

Ife a komiti ya zomangamanga pa autisiteshoni ina tinaphunzira yankho lake mowawa. Miphakati inaumba ncherwa, azimai anatunga madzi, ndipo holo yathu inafika pofuna mtenje. Tinaitana makontilakitala atatu kuti achule mitengo yao, ndipo tinasankha wochipa koposa. Tinaomba m'manja kuti tasunga ndalama za akristu. Sitinadziwe kuti iye analibe amisiri a mtenje. Nchitoyo anaipatsa kalipentala wina wa m'dera lathu lomwelo, amene anabwera ndi anyamata ake.

Tsiku lina m'mamawa, malata akali ndi mame, mmodzi wa anyamatawo anaterereka nagwa pansi. Anathyoka m'ciuno. Titamtengera ku cipatala, tinapita kwa kontilakitala. Iye anati: "Mnyamatayo sindimdziwa, sindinamlembe nchito ndine. Kafunseni kalipentala." Kalipentala nayenso anatambasula manja nati: "Akuluakulu, inenso ndili pa ganyu cabe. Ndalama ndizitenga kuti?" Patapita masiku, amai ake a mnyamatayo anafika, nakhala pansi pa khonde, nati: "Aphunzitsi, mwana wanga anagwa pa nchito yanu. Tsopano ndilowere kuti?"

Tinalibe yankho. Tinasonkha ca m'mbale caciwiri Masabata angapo, koma sicinakwanire. Banjalo linagulitsa ng'ombe zao zolimira. Mnyamatayo lero amayenda ndi ndodo ndipo sangathe kugwira pulawo. Nchito ya holo inaima, mvula inagwa, matabwa anapindika. Ndalama zimene tinkati tasunga zinapita zonse, ndi zina pamwamba. Akale anati safunsa anadya phula. Ife tinadyadi, ndipo ndico cifukwa cake tikulemba izi.

Pepala loyamba: cipepeso ca anchito

Dziko lathu lili ndi lamulo lochedwa Workers' Compensation Act la caka ca 1999. Lamuloli likuti wolemba anthu nchito ayenera kulembetsa ku bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lake lili ku Ndola, ndi kumapereka ndalama ku thumba la bungwelo. Ndalamazi amalipira ndi wolemba nchito yekha; saloledwa kuzidula pa malipiro a wanchito. Munthu akavulala pa nchito, thumbali limathandiza pa zolipira za ku cipatala, limapereka cipepeso molingana ndi kukula kwa cilema, ndipo ngati wafa limathandiza mkazi ndi ana otsala. Wolemba nchito ayenera kudziwitsa bungweli za ngoziyo pasanathe masiku atatu.

Anthu ambiri amasokoneza thumbali ndi NAPSA kapena NHIMA. Si cinthu cimodzi ai. NAPSA ndi ya penshoni. NHIMA, imene inabwera ndi lamulo la caka ca 2018, imalipira cithandizo ca ku cipatala, koma sipereka cipepeso kwa munthu amene sangathenso kugwira nchito cifukwa ca ngozi. Motero kontilakitala akakuonetsani pepala la NAPSA, musakhutire. Mufunseni satifiketi ya Workers' Compensation yoonetsa kuti analipira caka cimene cino.

Apa ndi pamene ife tinagwera: musafunse kontilakitala wamkulu yekha. Nchito ya mtenje kawirikawiri imapatsidwa kwa munthu wina, ndipo amene amakwera pamwamba si anchito a uja munasaina naye pangano. Funsaninso pepala la kontilakitala wamng'onoyo. Ngati alibe, wamkulu alembe m'pangano kuti anyamatawo awaika pa mndandanda wa anchito ake ndipo awalipirira. Mau akuti "si wanga" asapeze pobisala.

Pepala laciwiri: kulembetsa ku NCC

Bungwe la National Council for Construction linakhazikitsidwa ndi lamulo la caka ca 2003, limene linalowedwa m'malo ndi lina m'caka ca 2020. Ndilo limalembetsa makontilakitala ndi kuwaika m'magiredi kuyambira 1 kufika 6. Giredi 1 ndi ya makampani akuluakulu, giredi 6 ndi ya ang'onoang'ono monga amene timawaona m'maboma mwathu. Satifiketi yake imakonzedwanso caka ndi caka. Iyi si inshuwalansi, koma imakupatsani dzina lenileni la kampani ndi malo okadandaula zinthu zikalakwika. Munthu wopanda satifiketi akathawa ndi ndalama, mumatsala ndi nambala ya foni yosayankhidwa.

Nkhaniyi yakula makamaka kuyambira m'caka ca 2022, pamene boma linakweza ndalama za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse. Makalasi, zipatala zing'onozing'ono ndi nyumba za aphunzitsi zinayamba kumangidwa m'midzi yambiri, ndipo ana athu ndiwo amalembedwa ganyu pa nchitozo. Amene muli m'makomiti a citukuko a m'mawadi kapena a makolo pa sukulu muli ndi ufulu wofunsa ngati anyamata a pamtenjewo ali otetezedwa.

Pepala lacitatu: inshuwalansi ya nchito yeniyeniyo

Thumba la cipepeso limaona za anchito okha. Silidzakubwezerani malata amene mphepo ya mkuntho yaulutsa asanakhomedwe bwino, kapena matabwa amene apsa ndi moto. Za izi pali inshuwalansi imene amaichula kuti Contractors' All Risks, imene kontilakitala amagula ku kampani ya inshuwalansi. Imateteza cimango ndi zipangizo za pamalopo kuyambira tsiku loyamba nchito kufikira tsiku lopereka makiyi.

Pamodzi ndi iyo payenera kukhala gawo loteteza anthu ena amene si anchito. Taganizani: lata lauluka ladula mwana amene amapita ku katekisimu, kapena thabwa lagwera pa ngolo ya mnansi. Popanda gawoli, mlandu udzafika kwa inu eni malo, pakuti kontilakitala akhoza kusamuka koma chalichi kapena shedi sizisamuka.

Pepalali muliwerenge bwino, kapena mupeze mphunzitsi wa pa sukulu akuwerengereni. Onani zinthu zisanu. Coyamba, dzina lili pamenepo likhale lomwelo lili pa pangano lanu. Caciwiri, masiku ake akwanire nthawi yonse ya nchito. Nchito ikacedwa, awonjezere masiku. Cacitatu, lichule malo anu ndi mtengo weniweni wa nchitoyo. Cacinai, linene poyera kuti makontilakitala ang'onoang'ono nawonso ali m'kati, ndipo muone ngati silikukana nchito ya pamalo okwera. Cacisanu, dziwani kagawo ka ndalama kamene kampani silipira pa ngozi iliyonse, ndipo mugwirizane kuti kadzacokera m'thumba la ndani.

Mapepala abodza aliponso. Makampani a inshuwalansi amapatsidwa cilolezo ndi bungwe la Pensions and Insurance Authority. Imbani foni ku kampani imene yalembedwa pa pepalalo, muchule nambala yake, mufunse ngati ndalama zinalipiridwadi. Mayunitsi a mphindi zisanu ndi ochipa kuposa ng'ombe ziwiri.

Zimene inshuwalansi sicita

Tisanamizane. Inshuwalansi kawirikawiri silipira kukonzanso nchito imene mmisiri waigwira mosasamala. Ngati mtenje ukudontha cifukwa malata sanalowane bwino, kampani idzakana. Mankhwala ake ndi akale: musapereke ndalama zonse pa tsiku lomaliza. Lembani m'pangano kuti kagawo kena kadzatsala m'manja mwanu mpaka mtenje utaona dzinja limodzi. Ndiponso musapereke ndalama zambiri poyamba popanda cikole.

Inshuwalansi siletsanso munthu kugwa. Cipepeso sicibweza msana. Kontilakitala abwere ndi makwerero olimba, zingwe ndi malamba omangira m'ciuno, ndi zipewa zolimba. Pasakhale wokwera malata akali ndi mame, mphepo ikamaomba, kapena atalawako kacasu. Ana asayandikire pamalopo.

Nanga mlimi wamba?

Ena adzati: "Izi ndi za nchito zikuluzikulu. Ine ndangoitana kalipentala wa m'mudzi kuti andikhomere malata makumi awiri." Zoonadi, si mmisiri aliyense wa kumudzi amene ali ndi mapepala atatuwa. Komabe musangokhala cete. Khalani pansi pamaso pa anyakwawa kapena mboni ziwiri, mulembe kuti othandiza ake walemba ndani, adzawalipira ndani, ndipo ngozi ikacitika zidzayenda bwanji. Makopaletivu ndi maparishi amene amalemba okha amisiri popanda kontilakitala apite ku ofesi ya Workers' Compensation akafunse zolembetsa, pakuti pamenepo olemba nchito ndi iwo eni.

Kwa inu amisiri athu, tikuti: gwirizanani, lembetsani kagulu kanu, lipirirani anyamata anu. Mtengo wanu udzakwera pang'ono, koma nchito zikuluzikulu zidzayamba kukupezani, ndipo simudzathawa mudzi wanu cifukwa ca ngozi.

Ndipo kwa ife eni nchito, tileke kuthamangira mtengo wochipa tisanafunse cifukwa cake wachipa. Nthawi zambiri cimene cacotsedwapo ndi citetezo ca mwana wa mnzathu. Holo yathu tinaimaliza patapita zaka ziwiri. Ulendo waciwiriwo palibe amene anaponda makwerero komiti isanaone mapepala atatu aja, a wamkulu ndi a wamng'ono yemwe. Kontilakitala mmodzi anakwiya nacoka, tinamlola apite. Mnyamata uja amakhala pa benchi lakumbuyo pafupi ndi khomo, pamene pali malo oika ndodo yake. Nthawi zonse tikamuona timakumbukira kuti funso limene tinalephera kufunsa linali laulere.