Kwizi ya Lachisanu m'sukulu za ku Mangochi

M'sukulu zambiri za ku Mangochi, kuyambira pa Boma mpaka ku Monkey Bay, Malindi ndi Namwera, muli mwambo womwe ana a Sitandade 7 ndi 8 amaudikira ngakhale sunalembedwe pa ndandanda ya maphunziro. Mayeso akamayandikira, makamaka a MANEB, mphunzitsi amasankha tsiku losiya kulemba manotsi, n'kugawa kalasi m'magulu kuti apikisane poyankha mafunso. Anawo amangoti kwizi. Ambiri amaikonda Lachisanu m'mawa, mitu itatopa ndi sabata yonse, komanso kuti ithe nthawi ya swala ya Juma isanakwane, poti ana ambiri kuno ndi Asilamu.

Kukonzekera kwake sikulira ndalama. Kalasi ya ana opitirira 100 si yachilendo kuno, ndiye magulu amakhala anayi kapena asanu, ndipo malo akachepa amatuluka kukakhala pansi pa mtengo. Gulu lililonse limadzisankhira dzina ndi mtsogoleri. Mayina amachokera m'nyanja kapena m'mapiri: awa a Chambo, awa a Kampango, awo a Mulanje. Mwana mmodzi wolemba bwino amaima pabolodi ndi choko kusunga malikisi, wina amagwira foni ya aphunzitsi kuwerenga nthawi, ndipo ikatha amamenya desiki ndi lula. Lamulo lalikulu ndi limodzi: gulu likalephera, funso limadutsa kupita ku gulu lotsatira, lomwe likakhoza limatenga theka la malikisi. Apa ndi pamene pamabuka phokoso, manja m'mwamba, zala zikulira, "Sala! Sala!" kapena "Madamu, ife!", mpaka mphunzitsi aopseze kuti adula malikisi a gulu losokosera.

Akuluakulu akaona izi amakumbukira ndagi za madzulo, pamene wina ankati "Ndagi!" anzake n'kuvomera "Gize!" Ena amakumbukira Top of the Class, mpikisano wa masukulu a sekondale womwe unkaulutsidwa pa MBC. Kwizi ya m'kalasi inatengako konseku, koma ili ndi chake chimene ine ndimachiona kuti ndiye mtima wa mwambo wonse. Funso likaperekedwa, gulu silimayankha nthawi yomweyo. Mitu imakumana pakati, ana amanong'onezana, wina m'Chiyao, wina m'Chichewa, kutsutsana ndi kukumbutsana, kenako mmodzi amaimirira n'kuyankha m'Chingerezi. M'masekondi ochepa amenewa mwana yemwe sanakwezeko dzanja chiyambire teremu amapezeka akukoka malaya a mtsogoleri chifukwa yankho ali nalo ndi iyeyo. Chimene chinkamutseka pakamwa masiku onse chinali chinenero, nzeru anali nazo.

Gawo loyamba kawirikawiri ndi la zochitika masiku ano. Mafunso ake amachokera pawailesi: MBC, Zodiak, Radio Maria yomwe likulu lake lili ku Mangochi konkuno, kapena Dzimwe yomwe inayambira ku Monkey Bay. Mtsogoleri wa dziko ndani, nduna ya zamaphunziro ndani, namondwe Freddy anafika chaka chanji. Ana amayankha kuti 2023, mwezi wa Malichi, ndipo za kukwera kwa madzi a nyanja mu 2024 safunika kuwerenga, poti ena anaona okha madzi akulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo. Gawoli limavuta mphunzitsi kuposa ana. Nduna zimasintha, ndipo amene akudalira kope la mafunso la zaka zapitazo adzakana yankho loona la mwana amene anamvera nkhani usiku wathawu. Zikatero kalasi yonse imaima pambuyo pa mnzawo, ndipo mphunzitsi wanzeru amavomera n'kupereka malikisiwo.

Pa jogalafe ana a m'mbali mwa nyanja amakhala pakwawo, bola mafunso awapatse mpata. Afunseni mtsinje umodzi wokha wotulutsa madzi m'nyanja ya Malawi, adzakuuzani kuti ndi Shire, chifukwa amawoloka pa mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo amadziwa kuti ukapitirira pang'ono umalowa m'nyanja ya Malombe. Afunseni mphepo, mwana wa msodzi adzasiyanitsa mwera wochokera kummwera ndi mpoto, n'kuwonjeza kuti mwera ukalusa m'miyezi yozizira bwato silipita pakati. Ana a ku Chembe amatchula zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo osaganiza kawiri. A ku Namwera amadziwa kuti ukadutsa chipata cha Chiponde wafika ku Mandimba, m'dziko la Mozambique. Ndiye pali njira ya ku Joni, yomwe mabanja ambiri kuno amaidziwa chifukwa bambo, mchimwene kapena malume ali kumeneko: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, mpaka Johannesburg. Mwana wotchula malo amenewa motsatana watchula mayiko anayi ndi mitsinje ikuluikulu iwiri, Zambezi ndi Limpopo, asanatsegule buku la mapu.

Chimandipweteka n'chakuti mafunso otere ndi osowa. Mphunzitsi wotopa amangotenga mafunso a mayeso akale, ndipo ana amaloweza likulu la Egypt ndi kutalika kwa mtsinje wa Nile, zomwe n'zofunika ndithu, koma za pakhomo pawo zimatsala. Ana ambiri a kuno amajomba kusukulu usipa ukagwa, ena amathera kudoko. Mwana wotere akabwera Lachisanu n'kupeza kuti zimene anaphunzira m'bwato zapatsa gulu lake malikisi, amaona kuti sukulu ikumuwerengera.

Pa mbiri yakale mpamene Mangochi ali ndi chuma chochuluka chosagwiritsidwa ntchito. Zaka zodziwika ana amaziimba ngati nyimbo ya pa asembule: Chilembwe 1915, tsiku la ofera dziko 3 Malichi 1959, ufulu 6 Julaye 1964, riferendamu 14 Juni 1993, maphunziro aulere a pulayimale 1994. Koma ndi angati amene angafotokoze za nsanja ya wotchi imene ili pafupi ndi mlatho pa Boma? Inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imene tauniyi inkatchedwa Fort Johnston, dzina la Harry Johnston amene analimbana ndi mafumu a Chiyao monga Makanjira m'zaka zoyambirira za m'ma 1890. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya sitima ya Gwendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inakawononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, kugombe la Tanzania ya lero, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julaye 1946. Zonsezi zili pamalo amodzi, poyenda pansi kuchokera kumsika, ndipo nyumba yosungira zakale ya Lake Malawi Museum ili chapafupi.

Ku Cape Maclear kuli manda a amishoni a Livingstonia amene anafika mu 1875, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawatha mphamvu. Dera lomweli linakhala paki mu 1980, ndipo UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. Ku Monkey Bay ndi kwawo kwa sitima ya Ilala, yomwe inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Ku Malindi kuli nkhani ya Masauko Chipembere, amene mu Febuluwale 1965 anatsogolera anthu ake kukalanda Fort Johnston, ulendo wawo wa ku Zomba n'kuthera pa doko la Liwonde. Nthawi ya chipani chimodzi dzina limeneli silinkatchulidwa poyera, ndipo agogo a ana ena m'makalasi amenewa anazunzika nalo. Lero mphunzitsi akhoza kulifunsa pamaso pa kalasi yonse, mwana n'kuyankha mokweza, anzake n'kumuombera m'manja. Chimenechi si chinthu chaching'ono.

Mwambowu uli ndi zofooka zake, ndipo aphunzitsi okha amazidziwa. Gulu likhoza kutsamira pa mwana mmodzi wanzeru ena onse n'kumangoyasamula. Anyamata amakonda kulanda mpata woyankha. Wolakwitsa akasekedwa kamodzi, sadzaimiriranso. Aphunzitsi odziwa ntchito amaika lamulo loti woyankha azisinthasintha, mtsikana kenako mnyamata, ndipo woseka mnzake amadulitsa gulu lake malikisi. Ena amawonjezera funso lachiwiri pa yankho lililonse lokhoza: chifukwa chiyani? Mwana akati magetsi athu ambiri amachokera ku Shire, afotokozenso chimene chimachitika ku Nkula madzi a m'nyanja akatsika, ndi ntchito ya Kamuzu Barrage ku Liwonde. Apa woloweza chabe amakakamira, ndipo kalasi imaphunzira chinthu chatsopano pakati pa masewera.

Mapeto ake wosunga malikisi amawonkhetsa poyera, gulu lililonse likuwerengera naye limodzi kuopa kuberedwa. Mphoto imakhala bolopeni, kope, kapena kungoomberedwa m'manja katatu. Amene aonetsa luso ndiwo amasankhidwa kukaimira sukulu mpikisano ukakonzedwa pa zoni, ndipo amayenda wapansi kupita ku TDC, malo okumanira aphunzitsi a m'zoniyo, yunifolomu itachapidwa dzulo lake, anzawo akuwaperekeza. Njira imene ndaiona ikuthandiza kwambiri ndi yopatsa anawo ntchito yobweretsa mafunso: aliyense akafunse kunyumba chinthu chimodzi cha mbiri ya mudzi wawo, kapena amvere nkhani pawailesi, alembe funso ndi yankho lake pakapepala. Mphunzitsi amasankha omveka bwino, amatsimikiza mayankho ake, ndipo sabata yotsatira amawerenga funsolo pamodzi ndi dzina la mwana amene analibweretsa.