Maso a makina ndi njala ya magetsi

Tikamadutsa pa Biwi Triangle timaona amakaniko akufufuza masipeyala m'milu ya zitsulo. Munthu amangoponya diso n'kunena kuti, "Iyi ndi ya Toyota." Makompyuta nawonso akuphunzitsidwa luso lomweli, loona chithunzi n'kutchula chimene chilimo. Mwa njira zowaphunzitsira tiona ziwiri, ndipo zimasiyana kwambiri pa kadyedwe ka magetsi.

Yoyamba ndi deep learning. Kompyuta imaonetsedwa zithunzi zambirimbiri zolembedwa kale mayina, ndipo ikaphonya imasintha manambala a m'kati mwake mpaka itazolowera. Njirayi inatchuka mu 2012, pamene pulogalamu ya AlexNet, ya ku yunivesite ya Toronto, inapambana mpikisano wa ImageNet itaphunzira pa zithunzi zoposa 1 miliyoni za m'magulu 1,000. Ndi njira yomweyi imene ili mu Nuru, pulogalamu ya pafoni yozindikira matenda a chinangwa ndi ntchemberezandonda m'chimanga. Koma imadya magetsi ambiri, chifukwa imawerengera kadontho kalikonse ka chithunzi ngakhale palibe chasintha, ndipo manambala amangopita uku ndi uku pakati pa mbali yosunga ndi mbali yowerengera.

Yachiwiri ndi neuromorphic, dzina limene Carver Mead wa ku Caltech anayambitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Apa tchipi cha kompyuta chimapangidwa motsanzira ubongo. Timaselo take tamagetsi timakhala duu, n'kutumiza kachizindikiro pokhapokha pachitika kanthu, ngati mlonda wa pagalaja amene amaimba wezulo akaona chinthu chikuyenda. Tchipi cha TrueNorth, chimene IBM inatulutsa mu 2014, chili ndi timaselo 1 miliyoni koma chimagwiritsa ntchito mamiliwati pafupifupi 70. Intel nayo inatulutsa Loihi mu 2017.

Pa zithunzi wamba zojambulidwa ndi foni, deep learning ikadali patsogolo. Imalondola kwambiri, ndipo zida zoiphunzirira zimapezeka mwaulere pa intaneti. Matchipi a neuromorphic ndi ovuta kuwaphunzitsa ndipo ambiri akadali m'malo ofufuzira. Amaposa anzawo pa zinthu zoyenda komanso pa zipangizo zodalira batire.

Kwa ife nkhani ya batireyi si yaing'ono. Namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo m'makwalala a Biwi, Kawale ndi Chinsapo anthu ankasakasaka potchajira mafoni. Chipangizo chanzeru chimene chimathima madzulo asanafike sichingathandize namwino kapena mlangizi wa zaulimi.

Ubongo umene Mlengi anapatsa makaniko uja umagwira ntchito ndi mphamvu ya mawati pafupifupi 20, ngati babu limodzi la m'nyumba, ndipo palibe tchipi chimene chafikapo pamenepo. Choncho tikamasankha mitu ya kafukufuku wathu wa chaka chomaliza, tisamangofunsa kuti pulogalamu ikulondola kangati pa 100. Tiziyesanso kuti foni yotchipa ingazindikire zithunzi zingati batire lisanathe.