Mmene Angerezi Amaukitsira Galimoto Yakale pa Khomo Pao

Inu alimi mudziwa bwino kuti ngolo ikathyoka gudumu simuiponya ku dzala ai. Mumaikokera pansi pa mtengo, ndi kuitana mmisiri, kapena kuikonza nokha pang'ono pang'ono mukabwera ku munda. Sabata ino tifuna kukuuzani za anthu a ku England amene amachita chimodzimodzi ndi galimoto zakale zothamanga. Ambiri a iwo si amakaniko. Ena ndi aphunzitsi, ena ndi alimi ngati inu, ena ndi nkhalamba zopuma pa nchito. Munthu agula galimoto yakufa, naiika m'kanyumba kuseri kwa nyumba yache, ndipo aigwiragwira madzulo ndi pa Loweruka kufikira idzayendanso.

Galimoto imene ambiri amasankha dzina lache ndi MGB. Iri ndi mipando iwiri yokha, msinkhu wache sufika pa chifuwa cha munthu wamkuru, ndipo denga lache ndi la nsaru yopinda ngati ambulera. Si ya katundu: thumba limodzi la chimanga lingadzaze kumbuyo kwache. Anaipangira liwiro, ndipo ikadali yatsopano inali kupitirira pang'ono mamailosi 100 pa ora. Inali kupangidwa m'mudzi wa Abingdon, pafupi ndi Oxford, kuyambira 1962 kufikira 1980, ndipo zonse pamodzi zinaposa 500,000. Zambiri zinagulitsidwa kunja, makamaka ku America. Poyamba mtengo wache unali pafupifupi mapaundi 950, m'masiku aja ife kuno tikali kuwerenga mapaundi ndi mashereni. Fakitale ya ku Abingdon inatsekedwa mu October 1980. Dzina la MG liripobe, koma tsopano liri m'manja mwa kampani ya ku China yochedwa SAIC, ndipo galimoto zatsopanozo ziribe chibale ndi yakaleyi koma dzina lokha.

Mdani ali pansi pa chitseko

Tsono tiyerekeze kuti inu ndinu wogula. Mwaipeza galimotoyo m'khola la munthu, yaima zaka 20, nkhuku zikuikira mazira pa mpando. Kodi muyamba kuyang'ana pati? Wosadziwa athamangira kutsegula injini, kapena asisita penti ndi dzanja. Wodziwa agwada pansi, nayang'ana chiundo, ndicho chitsulo chachitali chimene chiri pansi pa chitseko, chochokera ku gudumu la kutsogolo kufikira la kumbuyo.

Chifukwa chache ndi ichi. Lori iri ndi chimango cha zitsulo ziwiri zazikuru pansi pache, ndipo thupi limangokhala pamwamba. Ngolo yanu iri chomwecho, Land Rover yakale iri chomwecho, ndiponso MGA, imene inali mkuru wache wa MGB, inali chomwecho. Koma MGB iribe chimango. Thupi lache lomwelo ndilo mafupa ache, monga dengu limene lilimba chifukwa cha kulukana kwa nsungwi. Ndipo popeza iribe denga lachitsulo lomangirira kutsogolo ndi kumbuyo, mphamvu yaikuru iri m'ziundo ziwirizo, cha kumanja ndi cha kumanzere. Chiundo chiri chonse ndi malata angapo owotcherera pamodzi ngati bokosi lalitali, ndipo pakati pa bokosilo paimirira lata lina losaoneka ndi maso. Zikaola zimenezi, galimoto iyamba kupindika pakati.

Dzimbiri ligwira nchito ngati chiswe m'nsichi za nkhokwe. Kunja mtengo uoneka wabwino, koma m'kati mwatsala pfumbi lokha. Madzi ndi matope zilowa m'bokosi muja ndipo siziuma. Ku England bvutoli likula chifukwa nyengo yozizira amathira mchere m'miseu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo inu mudziwa chimene mchere umachita ndi chitini. Ndicho chifukwa chache Angerezi ena amaitanitsa MGB kuchokera ku California, dziko louma, ngakhale chiwongolero chache chiri ku dzanja lamanzere. Akuti kusamutsa chiwongolero nkwapafupi koposa kulimbana ndi dzimbiri.

Njira zoyesera ziripo, ndipo sizifuna ndarama. Tengani maginito, muyendetse pa chiundo ndi m'munsi mwa zitseko. Pamene pali chitsulo agwira, koma pamene wogulitsa anamata phala louma lija la opaka penti, maginito agwa. Tengani chitsulo chosongoka, mubaye pansi mosanyengerera. Yang'ananinso mpata wa pakati pa chitseko ndi thupi: uyenera kulingana kuyambira pamwamba kufikira pansi. Ngati pamwamba wapanikizana, msana wayamba kale kupindika. Ena amakweza galimoto ndi jeke, ndi kuona ngati chitseko chitsegukabe bwino. Chenjerani ndi chinyengo china chodziwika: kuphimba chiundo choola ndi lata latsopano pamwamba ndi kupaka penti yakuda. Kumeneko kuli ngati kuzira nyumba imene mizati yache inadyeka kale. Ife tikuti galimoto yonyansa imene dzimbiri lache lioneka poyera iposa yonyezimira imene simudziwa chimene chiri pansi pa penti.

Pokonza chiundo pali dongosolo lache, ndipo wolumpha dongosolo alira. Musanadule kanthu, chotsani thanki ya petulo ndi mabatire, muziike kutali. Thanki yopanda petulo ndiyo yoopsya koposa yodzaza, chifukwa mpweya wotsalamo uphulika ndi kamoto kakang'ono. Kenaka wotchererani zitsulo zopingasa pa khomo la chitseko kuti thupi lisasunthe. Konzani mbali imodzi kufikira itatha, mbali inayo ikhale yogwira galimoto ndiponso yoonera miyeso. Wodula mbali zonse ziwiri tsiku limodzi adzapeza kuti zitseko sizilowanso m'malo mwache. Dulani choola chonse kufikira mufike pa chitsulo chowala, pakuti pa dzimbiri sawotchererapo. Lata la galimoto ndi lopyapyala, choncho muwotcherere kadontho apa, kadontho apo, ndi kudikira lizizire. Mukachita mzere umodzi wautali lipindika ngati chikopa cha pa dzuwa. Yesani chitseko kawirikawiri musanatsirize. Pomaliza amapopera mafuta a phula m'kati mwa bokosilo kuti madzi asakhudzenso chitsulo.

Thupi likaola kopitirira, pali njira yina. Kuyambira 1988 kampani ya British Motor Heritage inayamba kupanga matupi atsopano a MGB ndi zipangizo zomwe zija zimene zinali kudinda malata ache kale. Munthu agula thupi latsopano, nasamutsiramo injini, magiya, mipando ndi zina zonse. Koma mtengo wache ndi wowawa. Tinene poyera kuti kawirikawiri ndarama zimene munthu aononga poukitsa galimoto yotere ziposa zimene angalandire ataigulitsa. Si malonda ai, ndipo wochita nchitoyi ayenera kuyamba wapangana ndi mai a kunyumba.

Kanthu kena kakang'ono kamene kagwetsa anthu ambiri ndi kumasula. Kumasula galimoto kutenga masiku ochepa, ndipo kukondweretsa. Kubwezera kutenga zaka. M'manyuzipepala a magalimoto ku England simusowa munthu wogulitsa MGB iri m'makatoni, chifukwa anamasula zonse nthawi imodzi, naiwala pamene chiri chonse chinachokera. Anzeru amajambula chithunzi ndi foni asanamasule, ndipo mabawuti a malo amodzi amawaika m'chitini chimodzi ndi kulembapo. Dziwaninso kuti mabawuti a galimotoyi ndi a muyeso wa mainchi, monga 7/16, 1/2 ndi 9/16. Sipanala ya mamilimita ioneka ngati yalowa, koma idya makona a nati kufikira itakhala yobulungira.

Injini sibvuta kwenikweni

Mudabwa kumva kuti injini, imene anthu amaiopa, ndiyo mbali yapafupi. Ndi ya masilinda 4, ukuru wache 1798 cc, ya chitsulo cholemera, ndipo ndi ya banja limodzi ndi injini za Morris Oxford ndi Austin Cambridge, zimene akuluakulu ena a kuno anaziona m'miseu ya Blantyre ndi Zomba. Iribe kompyuta. Munthu amene anamasulapo injini ya chigayo sangasochere m'menemo.

Ikakhala kuti yaima zaka zambiri, musaikakamize ndi batire. Chotsani mapulagi, thirani oilo pang'ono m'bowo liri lonse, muisiye masiku angapo, ndipo muyese kuizunguza ndi sipanala pang'ono pang'ono. Wochita changu athyola mphete za mapisitoni. Ikazungulira, tsanulani oilo yakale, ndipo yesani mipata. Mpata wa mapointi ndi 0.015 ya inchi, wa mapulagi ndi 0.025, ndipo moto uyenda m'masilinda motere: 1, 3, 4, 2. Mukasokoneza mawaya awiri a mapulagi, injini iyetsemula ndi kuombera.

Makabuleta ali awiri, a mtundu wa SU, ndipo ayenera kukoka mpweya mofanana ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Amisiri akale amayesa ndi khutu: atenga kapaipi ka mphira, naika nsonga imodzi pa kamwa la kabuleta ndi yina ku khutu, ndi kusintha kufikira onse awiri alira mofanana. Pamwamba pa kabuleta pali kachibvundikiro kothiramo oilo pang'ono. Mukauma m'menemo galimoto idodoma poponda mafuta. Koma musayambe ndi makabuleta. Zobvuta zambiri zimene anthu amanamizira kabuleta zichokera ku mapointi ndi mapulagi. Pampu ya petulo ndi ya magetsi, iri kumbuyo pafupi ndi gudumu. Mukatembenuza kiyi imveka kuti tiki tiki tiki. Ikakhala chete, eni ache amaigogoda pang'ono ndi chogwirira cha sipanala ndipo idzuka, koma kumeneko ndi kungofika nako kunyumba, si kukonza.

Petulo wa lero si uja wa 1962. Wakale anali ndi mtobvu, umene unali kuchinjiriza pokhalira mavalavu. Mtobvu ndi poizoni, ndipo ku Britain analeka kugulitsa petulo wotere m'chaka cha 2000. Tsono ambiri pokonza injini amatumiza mutu wache kwa mmisiri kuti aikemo mphete zolimba pokhalira mavalavu. Chinanso, kuyambira 2021 petulo wamba wa ku Britain akhoza kukhala ndi ethanol kufikira magawo 10 pa 100, ndipo ethanol adya mapaipi akale a mphira. Apa ife tinawatsogolera Angerezi, pakuti kuno ku Malawi tinayamba kusakaniza ethanol wa nzimbe za ku Dwangwa m'petulo m'chaka cha 1982. Paipi yakale ikang'aluka, petulo adontha pafupi ndi chitsulo chotentha cha utsi, ndipo nchito ya zaka zitatu itha m'mphindi zisanu. Mapaipi onse a petulo asinthidwe, angakhale aoneke abwino.

Za magetsi tingonena ziwiri. Kufikira 1974 MGB inali ndi mabatire awiri a mavolti 6 obisika kuseri kwa mipando, ndipo zopangidwa chisanathe chaka cha 1967 zinali kulumikiza mbali ya + ku thupi la galimoto, mosiyana ndi galimoto za lero. Wosadziwa zimenezi aocha wailesi yache tsiku loyamba. Mawaya a kampani ya Lucas ali ndi mitundu ya tanthauzo: wofiirira ngati dothi uli ndi moto nthawi zonse, woyera ulandira moto mukatembenuza kiyi, wakuda upita ku thupi. Nyali ikakana kuyaka, yambani mwapala polumikizira waya wakuda.

Tsono mvetsani ichi, chifukwa chikhudza ali yense wolowa pansi pa galimoto, thirakitala kapena ngolo yodzaza. Jeke ndi wokwezera basi, si wogwirizira. Njerwa ziphwanyika mosachenjeza. Ikani zogwiriziza zachitsulo kapena zipika zolimba za mtengo pa nthaka yosalala, tsekerani magudumu otsala ndi miyala, ndipo gwedezani galimoto ndi mphamvu musanalowetse mutu. Pomasula mabuleki akale musauzire pfumbi ndi pakamwa, pakuti zogwirira zakale zinali ndi asibesitosi amene aononga mapapu patapita zaka. Pukutani ndi nsanza yonyowa. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi ndi kudyetsa mapaipi dzimbiri m'kati, choncho mapaipi ndi timphira tonse ta mabuleki tikhale tatsopano. Matayala a zaka zambiri atayidwe ngakhale mano ache akali athunthu. Lamulo la ku Britain kuyambira 2018 lilola galimoto yopitirira zaka 40, imene sinasinthidwe kwambiri, kuyenda popanda kuyesedwa chaka ndi chaka, ndipo MGB zonse za ku Abingdon zinapyola kale msinkhu umenewo. Ife tiona kuti munthu amene wawotcherera ndi kumanga mabuleki yekha achita bwino kuipereka ndithu kwa woyesa, kuti maso ena aone pamene iye sanaone.

Tsiku lodzutsa injini likafika, chotsani mapulagi poyamba, muizunguze ndi batire kufikira muvi wa oilo utakwera, ndipo pamenepo bwezerani mapulagi. Pakhale munthu wachiwiri woyang'ana kudontha kwa petulo, ali ndi chozimira moto m'manja. Ulendo woyamba ukhale wa mailo imodzi kapena ziwiri, pang'ono pang'ono, ndi kuyesa mabuleki musanafike potsetsereka. Mukabwera, yandikizani dzanja pa gudumu liri lonse: limene latentha koposa anzache, buleki yache ikugwira yosapondedwa. Yalani nyuzipepala pansi pa galimoto usiku umenewo, ndipo m'mawa madontho adzakuuzani pamene pafunika kumanganso.